Kodi mumadziwa? Mmene ubongo ndi mitsempha zimayendetsera thupi

Kodi mumadziwa kuti m'zala zanu mulibe minofu yoziyendetsa? Gwirani mkono wanu wamanja chapafupi ndi chigongono, kenako sewezani zala za dzanja limenelo. Mumva kanthu kakugwedera pansi pa khungu. Imeneyo ndiyo minofu yokoka zala, pamodzi ndi ina ing'onoing'ono ya m'chikhatho, ndipo imazikoka ndi minyewa yaitali yodutsa pamalo povala wotchi. Thupi lonse lili ndi minofu yoyendetsa ziwalo yoposa 600, koma palibe ndi umodzi womwe wodzilamula. Uliwonse umadikira uthenga wobwera ndi mitsempha, osati ya magazi ija, koma ina yoyererako yochokera ku ubongo ndi kumsana.

Nanga liwiro la uthengawo mumalidziwa? M'mitsempha yothamanga kwambiri umayenda mamita 120 pa sekondi imodzi, omwe ndi makilomita oposa 400 pa ola. M'mitsempha ina umakwawa mita imodzi yokha pa sekondi. Yothamangayo ndi yokhuthala ndipo inakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga momwe waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki, pamene yochedwayo ndi yowonda ndiponso yosavala. N'chifukwa chake mukapunthwa chala pamwala mumamva ululu kawiri: woyamba wolasa, wa nthawi yomweyo, kenako wina wonyeka umene umafika mochedwerapo n'kukukhazikani pansi.

Woyamba kuyeza liwiroli anali Hermann von Helmholtz wa ku Germany, cha mu 1850, pa mtsempha wa mwendo wa chule. Anapeza mamita pafupifupi 30 pa sekondi. Mphunzitsi wake yemwe, Johannes Müller, ankati liwiro limeneli silidzayezeka n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti selo limodzi la mtsempha limatha kutalika mita yathunthu? Lolamula minofu ya kuphazi limayambira mumsana chapamwamba pa chiuno, n'kutsika mwendo wonse osaduka paliponse.

Kodi mumadziwa kuti dzanja limachoka pa chivindikiro chotentha inu musanamve kuti mwapsa? Uthenga wa kutenthako ukangofika mu mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa mafupa a msana, lamulo lobweza dzanja limaperekedwa pomwepo. Ubongo umauzidwa pambuyo, ndipo "mayo!" amatuluka dzanja litachoka kale. Zodabwitsa kwambiri zili kumiyendo. Mukaponda munga ndi phazi lamanzere, mwendo umenewo umapindika, ndipo nthawi yomweyo wamanja umalimba kuti unyamule thupi lonse. Pakanapanda zimenezi, munga uliwonse bwenzi ukutigwetsa. Anazifufuza mozama ndi Charles Sherrington wa ku Britain, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1932. Iye anaonetsanso kuti mnofu wina ukamakoka, msana umauza unzake wa mbali inayo kuti umasuke.

Kanyundo kamene dokotala amagogoda nako pansi pa bondo kamayesa njira yachidule yomweyi. Mwendo ukapanda kudumpha, vuto lingakhale mu mtsempha wopita kumwendoko. Ukadumpha mopitirira, vuto lingakhale kumtunda, mumsana kapena mu ubongo. Madokotala awiri a ku Germany, Wilhelm Erb ndi Carl Westphal, analemba zimenezi mu 1875, aliyense payekha.

Aliyense amene anazingapo nkhuku akudziwa kuti ikapulumuka m'manja imathamanga mutu palibe, mapiko ali phephephe. Kodi mumadziwa chifukwa chake? Dongosolo losinthanitsa miyendo, uwu kutsogolo uwu kumbuyo, lili mumsana momwemo. Thomas Graham Brown anaonetsa zimenezi pa amphaka mu 1911. Mwa munthu ubongo umalowererapo kwambiri kuposa mwa mphaka, komabe maziko ndi omwewo: ubongo umayambitsa ulendo, umasankha kolowera, umalumphitsa dzenje, koma sulamula phazi lililonse palokha. Mwa ichi mumafika kumsika mukucheza njira yonse, osakumbukira n'komwe mmene mwapondera.

Kodi mumadziwa kuti dzanja lanu lamanja limalamulidwa ndi mbali yakumanzere ya ubongo? Mitsempha yotsika kuchokera ku ubongo imapingasana pamene mutu wakumana ndi khosi, ndipo pafupifupi 9 pa 10 iliyonse imawolokera mbali inayo. Mu 1870, Gustav Fritsch ndi Eduard Hitzig a ku Berlin anakhudza mbali imodzi ya ubongo wa galu ndi magetsi ochepa, n'kuona mwendo wa mbali inayo ukugwedezeka. Choncho munthu akafa ziwalo kumanja, vuto lili kumanzere kwa mutu. Ndipo poti mwa anthu ambiri chigawo cha kulankhula chili kumanzere komweko, ofa mbali yakumanja kawirikawiri amavutikanso kutulutsa mawu.

Ubongo weniweniwo sumva ululu. Izi zinathandiza dokotala Wilder Penfield wa ku Montreal, Canada, kuchita opaleshoni odwala khunyu ali maso. Ankakhudza pamwamba pa ubongo ndi kawaya ka magetsi: apa chala chachikulu chikupindika, apa mlomo ukunjenjemera. Odwalawo ankanena kuti si iwo ayendetsa chiwalocho, wayendetsa ndi dokotala. Mapu amene anatulutsa mu 1937 anaonetsa kuti dzanja, milomo ndi lilime zimatenga malo aakulu mu ubongo kuposa msana, mimba ndi ntchafu kuziphatikiza. Malo amagawidwa potengera luso la chiwalo, osati kukula kwake.

Selo limodzi lolamula mnofu woyendetsa diso limayang'anira tizingwe ta mnofu pafupifupi 10. Lolamula katumba wa mwendo limayang'anira toposa 1,000. Thupi limayamba kuitana timagulu ting'onoting'ono, n'kumawonjezera tikulutikulu ntchito ikamakula. N'chifukwa chake dzanja lomwe latola dzira m'chisa osaliswa limathanso kutema chikuni.

Kodi mumadziwa kuti kachigawo ka ubongo ka kunkhongo kali ndi maselo a mitsempha ambiri kuposa ubongo wonse wotsalawo? Suzana Herculano-Houzel wa ku Brazil ndi anzake anawerenga mu 2009 n'kupeza maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni mu ubongo wa munthu. Mwa amenewa, 69 biliyoni ali m'kachigawo kameneka, kotchedwa cerebellum, ngakhale kulemera kwake ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a ubongo. Ntchito yake ndi kuwerengeratu. Munayamba mwanyamulapo ndowa mukuganiza kuti ndi yodzaza, chonsecho mulibe madzi? Mkono umauluka m'mwamba, chifukwa mphamvu inali itayezedwa kale musanagwire chogwirira. Mukainyamulanso kachiwiri, imakwera bwinobwino. Pamenepa ndi pamene pagona kuphunzira konse kwa thupi. Ubongo umalosera, umayerekeza zimene unalosera ndi zimene zachitikadi, n'kukonza pamene pasiyana. Popanda kuphonya, palibe choti ukonze.

Kuloserako kumafika mpaka kumiyendo. Mukafuna kukweza mkono mwachangu muli chiimire, minofu ya m'miyendo ndi m'chiuno imayamba kulimba mkonowo usanayambe n'komwe kuyenda, kuti musapendekeke.

Kodi mumadziwa chifukwa chake simungadzigirigishe nokha? Cerebellum imadziwiratu pamene zala zanu zikhudze, ndipo imachepetsa kumvako. Sarah-Jayne Blakemore ndi anzake ku London anayesa zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi makina amene munthu ankadzikhudza nawo m'chikhatho. Atachedwetsa kukhudzako ndi kachigawo kochepa ka sekondi, anthu anayamba kumva kugirigisha, ngakhale ankayendetsa makinawo anali iwo eni.

Mowa umagunda kachigawo komweka, ndipo kudzandira ndi kukokakoka mawu kumachokera pamenepo. Womwa kwambiri kwa zaka zambiri amatha kukawonongeratu, n'kumayenda chotangadza ngakhale tsiku limene sanalawe. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto akamati "ndamwa pang'ono chabe", dziwani kuti chiwalo choyeza mtunda ndi nthawi chasokonezeka kale, ndipo mwini wake sangathe kuzindikira.

Magetsi akazima muli pakati pa chakudya, mbamu siphonya pakamwa. Kodi mumadziwa kuti pali mphamvu ya kumva imene imachititsa zimenezi, yosiyana ndi zisanu zija tinaphunzira kusukulu? M'minofu, m'minyewa ndi m'malo olumikizira mafupa muli tizinthu totumiza uthenga usana ndi usiku, wonena kumene chiwalo chilichonse chili. Kufunika kwake kunaonekera pa Ian Waterman. Mu 1971, ali ndi zaka 19 ndipo akugwira ntchito m'butchala pa chilumba cha Jersey, anadwala matenda amene anapha mitsempha yonse yobweretsa uthenga wa kukhudza ndi wa malo a ziwalo, kuyambira m'khosi kutsika. Minofu inali ndi mphamvu zake. Mitsempha yolamula inali yamoyo. Kutentha ndi ululu ankamva. Koma akatseka maso sankadziwa kumene mkono wake uli, ndipo poyamba sankatha ngakhale kukhala tsonga pabedi. Anaphunzira kuyendanso poyang'ana chiwalo chilichonse ndi kuchilamula ndi maganizo, phazi ndi phazi, kwa miyezi yambirimbiri. Potola kapu ankayenera kuipenyetsetsa kuti asaifinye kapena kuigwetsa. Nyale zikazima mwadzidzidzi ankagwa pansi pomwepo. Mitsemphayo sinabwererenso, koma munthuyo anayenda, anagwira ntchito, anayendetsa galimoto. Pa nkhani zonse za m'gawo lino, imeneyi ndi imene ndingakonde kuti wodwala aliyense wotaya mtima aimve.

Yesani ichi panopa. Gwirani tsambali chilili, muzipukusa mutu uku ndi uku mukuwerenga. Mawu akuoneka. Tsopano mutu ukhale chilili, mugwedeze tsambalo pa liwiro lomwelo. Mawu asokonekera. M'kati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika ta madzi, timene timamva mutu ukatembenuka n'kulamula maso kubwerera mbali inayo mwachangu kuposa mmene diso lingatsatirire chinthu palokha. Mwana akazungulirazungulira n'kuima, madziwo amapitiriza kuyenda kwa kanthawi, ndipo chizungulire chimachokera pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti mtsempha sugundana ndi mnofu? Pakati pamatsala kampata kosaoneka ndi maso. Uthenga ukafika kumapeto, mtsempha umathira mankhwala otchedwa acetylcholine, mnofu n'kukoka, ndipo nthawi yomweyo mankhwala ena amabwera kudzawachotsa kuti mnofu upume. Kampata kameneka ndi kamene ululu wa mamba umasokoneza. Zikope zimayamba kugwa, kumeza kumavuta, kenako minofu yopumira imaleka, munthu akumva zonse zolankhulidwa pambali pake. Kutema mphini pabala sikungafike kumeneko. Chofunika ndi kuthamangira kuchipatala, kumene angapereke mankhwala olimbana ndi ululuwo ndi kuthandiza wodwala kupuma. Mankhwala ena ophera tizilombo m'munda, ndi tameki yemwe, amagwira mbali inayo: amaletsa kuchotsa kuja, ndiye minofu imangonjenjemera, dovu lili chuchuchu. Popopera mbewu valani zodzitetezera, ndipo botolo likhale kutali ndi ana.

Kafumbata amatiphunzitsa kuti kumasuka kwa mnofu nakonso ndi ntchito. Poizoni wa kachilombo kake amatseka maselo amene amauza minofu kuti ileke kukoka. Nsagwada zimauma, msana umapindikira kumbuyo. Katemera amene amayi oyembekezera amalandira amateteza iwo ndi khanda lomwe.

Kodi mumadziwa kuti poliyo sagwira mnofu? Kachilombo kake kamapha maselo a mumsana olamula minofu, ndipo mnofu wosalandira uthenga umalefuka n'kuwonda, ngakhale khungu likumva bwinobwino. Mwa anthu 200 otenga kachilomboka, m'modzi amapuwala mpaka kalekale, kutanthauza kuti mwana m'modzi akapezeka, ambiri akukafalitsa osadziwa. N'chifukwa chake dziko linatekeseka mu February 2022 pamene boma linalengeza kuti mwana wa zaka 3 ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, koyamba m'Malawi chichokereni 1992. Kachilomboko kanali ka mtundu wochokera ku Pakistan, ndipo chaka chomwecho ana ena anapezeka nako ku Tete, Mozambique. Timadontho tiwiri tija a zaumoyo ankayenda nato khomo ndi khomo tinali toteteza maselo amenewa, omwe akafa sameranso.

Palinso kupuwala kochokera m'mbale. Mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000 anauma miyendo mwadzidzidzi, ambiri mwa iwo ana ndi amayi. Njala inawachititsa kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, popanda ndiwo zomanga thupi. Matendawa, otchedwa konzo, analembedwa koyamba ku Congo mu 1938. Amawononga mitsempha yotsika kuchokera ku ubongo, choncho miyendo siilefuka monga pa poliyo koma imauma, munthu n'kumayendera zala, mawondo akugundana. Sachizika. Amayi a m'mbali mwa nyanja akamaviika chinangwa masiku angapo asanapange ufa wa kondowole, amakhala akuchotsa poizoni ameneyu. Masiku oviikawo asamadulidwe, ngakhale njala ithine bwanji.

Kodi mumadziwa kuti muyeso wotchedwa dzina la Blantyre ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri? Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anaufalitsa mu 1989 atagwira ntchito ndi ana odwala malungo aakulu pa chipatala cha Queen Elizabeth. Umayambira pa 0 kulekeza pa 5, ndipo umaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope, mmene akulirira, ndi mmene akuyendetsera chiwalo akamva kuwawa. Mwana wosatha kulankhula amauza dokotala za ubongo wake kudzera m'kayendedwe ka mkono.

Khanda longobadwa kumene mukaligwira m'khwapa, mapazi n'kukhudza pansi, limaponya miyendo mosinthanitsa. Pofika miyezi iwiri zimaleka. Esther Thelen wa ku America anaonetsa kuti lusolo silitha ayi, koma miyendo imanenepa msanga kuposa mphamvu zake. Ataika makanda otere m'madzi ofika m'chiuno, anayambanso kuponda.

Kodi mumadziwa kuti mwana wophunzira kuyenda amagwa kangati? Karen Adolph wa pa New York University anajambula ana a miyezi 12 mpaka 19 akusewera momasuka, ndipo mu 2012 anafalitsa kuti pa ola limodzi mwana ankaponda pafupifupi ka 2,368 ndi kugwa ka 17. Palibe wamkulu amene angapirire maphunziro otere. Choncho mwana apatsidwe mpata pa mphasa ndi pabwalo, adzandire, agwe, adzuke. Kafukufuku wa bungwe la WHO wa mu 2006, wochitikira ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, anapeza kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha nthawi ina iliyonse pakati pa miyezi 8 ndi 18. Mwana wa mnzanu akayenda msanga musade nkhawa, koma wanu akapyola chaka ndi theka asanayende, kanenani kusikelo.

Kodi mumadziwa kuti munthu angaphunzire luso osakumbukira kuti analiphunzira? Mu 1953, Henry Molaison wa ku America, wa zaka 27, anachitidwa opaleshoni ya khunyu imene inachotsa zigawo za m'kati mwa ubongo mbali zonse ziwiri. Khunyu linachepa, koma kuyambira pamenepo sankasunganso zatsopano. Munthu amene wacheza naye m'mawa, madzulo anali mlendo. Katswiri Brenda Milner anamupatsa ntchito yovuta: kutsata mizere ya nyenyezi ndi pensulo akuyang'ana dzanja lake pagalasi pokha. Kwa masiku atatu zolakwa zinkachepera chichepere, mpaka anafika pojambula bwino. Koma tsiku lililonse sankakumbukira kuti anayamba wachitapo zimenezi. Umu ndi mmene akatswiri anadziwira kuti luso limasungidwa kosiyana ndi nkhani ndi maina. N'chifukwa chake njinga siiwalika. N'chifukwa chakenso agogo amene ayamba kuiwala maina a adzukulu amathabe kupeta ndi kuluka mphasa. Musawalande lichero. Chimene chatsala chamoyo chizigwira ntchito.

Nikolai Bernstein wa ku Moscow, m'zaka za m'ma 1920, anamangirira timababu pa mikono ndi nyundo za amisiri osula n'kumawajambula akumenya chitsulo. Anapeza chinthu chimene sichinkayembekezeka. Mutu wa nyundo unkagwa pamalo pake, koma phewa, chigongono ndi dzanja sizinkayenda mofanana kawiri. Mmisiri sabwereza kayendedwe kamodzi, amapeza njira yatsopano yofikira pamalo amodzi nthawi iliyonse. Taonani amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Mphale ikuchepa, wina watopa, wina wasuntha phazi, mwana kumsana wagwedezeka, koma minsi ikulowa mosinthana osagundana. Phunziro lake kwa aphunzitsi a masewera ndi lalikulu. Woponya zigoli mu mpira wamanja akamangoima malo amodzi tsiku lonse, amaoneka katswiri pokonzekera koma amasowa chochita m'bwalo. Asinthesinthe mtunda, mbali ndi womutchinga. Poyamba aziphonya kwambiri, koma zimene waphunzirazo zimakhalitsa.

Kudendekera nakonso kunafufuzidwa. Mu 1986, Geoffrey Maloiy wa pa University of Nairobi ndi anzake anapeza kuti amayi a mitundu ya Luo ndi Kikuyu amene anawayeza ankasenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwawo popanda kuwonjezera mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito poyenda. Kafukufuku wina wa pambuyo pake ku South Africa anapeza kuti si amayi onse amene amatero, ndipo ambiri ankadandaula khosi. Lusolo ndi lenileni, koma khosi la mtsikana wamng'ono lisamasenzetsedwe ndowa ya munthu wamkulu.

Kodi mumadziwa kuti ola limodzi pa tsiku limaposa maola anayi? Mu 1978, Alan Baddeley ndi mnzake anafalitsa zimene anapeza pophunzitsa ogwira ntchito ku positi ku Britain kutaipa. Ophunzira ola limodzi pa tsiku anadziwa ntchitoyo m'maola ochepa kuposa ophunzira maola anayi pa tsiku, ngakhale a ola limodziwo ndi amene sankakhutira ndi dongosolo lawo. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Tulo natonso n'tofunika: mu 2002, Matthew Walker ndi anzake ku Harvard anaona anthu ophunzira kugogoda mabatani motsatira ndondomeko akuwonjezera liwiro ndi pafupifupi 20 peresenti atagona usiku umodzi, osayesezanso.

Kungoganizira kumathandizanso. Alvaro Pascual-Leone, mu 1995, anaphunzitsa anthu kusewera ndi zala zisanu pa piyano maola awiri pa tsiku kwa masiku asanu. Malo a zalazo mu ubongo anakula. Gulu lina linkangokhala patsogolo pa piyano n'kumaganizira kuti likusewera, ndipo malo awo anakulanso. Ku Regensburg, Germany, mu 2004, anthu ophunzira kuponya ndi kuwakha timipira titatu kwa miyezi itatu anapezeka kuti zigawo zina za ubongo wawo zakhuthala. Atasiya kwa miyezi ina itatu, zinayamba kubwerera.

Masabata oyambirira onyamula zitsulo, mphamvu zimakwera minofu isanakule. Imene yaphunzira ndi mitsempha, kuitana timagulu tambiri nthawi imodzi. Ndipo mukalimbitsa mkono umodzi wokha, winawo umapezako mphamvu pang'ono, chinthu chimene chinalembedwa koyamba pa Yale mu 1894.

Kodi mumadziwa kuti kuganiza kwambiri kumawononga luso lokhwima? Sian Beilock anapeza mu 2002 kuti osewera mpira ozolowera ankachedwa kudutsa ndi mpira pakati pa zikhomo akauzidwa kuti aziganizira mbali ya phazi imene ikukhudza mpirawo. Ongoyamba kumene ndi amene kuganizira phazi kunkawathandiza. Pa mpikisano wothamanga, wonyamuka pasanathe sekondi 0.1 mfuti italira amatengedwa kuti wabera, poti amati khutu, ubongo ndi mwendo sizingamalize ntchito yawo m'nthawi yochepa chotero. Usain Bolt pothamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009 ananyamuka patapita sekondi 0.146. Penate yomenyedwa mwamphamvu pa mamita 11 imafika pagolo pasanathe theka la sekondi, choncho goloboyi wodikira kuona kumene mpira walowera wachedwa kale. Amawerenga chiuno ndi phazi loponda la womenyayo. Ndipo chigoli chija Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco ali pa mtunda woposa mamita 30 ku Yaoundé pa 25 January 2022 sichinali cha mwayi. Diso linaona goloboyi atasuntha pamzere, ndipo mwendo unachita zimene unayeseza kwa zaka.

Matenda a Parkinson, amene James Parkinson anawafotokoza ku London mu 1817, amabwera maselo opanga mankhwala otchedwa dopamine m'kati mwa ubongo akamafa. Kunjenjemera ndi kumene anthu amaona, koma chowawa kwambiri ndi kulephera kuyamba kuyenda. Mizere yojambula pansi kapena kuwomba m'manja motsatizana kumatha kumasula mapazi amene aima nji. Muhammad Ali anapezeka nawo mu 1984.

Kodi mumadziwa kuti mtsempha wa m'mkono kapena m'mwendo ukaduka n'kusokedwa umamera pafupifupi milimita imodzi pa tsiku? Wa mumsana sutero. N'chifukwa chake munthu wogwa pa kabaza kapena pa lole, amene akudandaula khosi kapena sakumva miyendo, sayenera kunyamulidwa manja ndi miyendo n'kupindidwa pampando wa galimoto. Agonekedwe pa chinthu cholimba monga chitseko, wina atagwira mutu kuti usatembenuke. Fupa losweka likasuntha limatha kudula chimene ngozi inasiya. Akatswiri akuyesetsa kulumikiza podukapo: mu 2023, ku Lausanne, Switzerland, Gert-Jan Oskam wa ku Netherlands, amene anapuwala pa ngozi ya njinga mu 2011, anayenda ndi ndodo pogwiritsa ntchito zipangizo zowerenga maganizo ake mu ubongo n'kutumiza uthenga kumunsi kwa bala la mumsana. Koma zimenezi zikadali zoyesera pa anthu owerengeka.

Nanga mumadziwa kuti dzanja lofa ndi sitiroko limatha kufa kawiri? Koyamba limafa chifukwa mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika. Kachiwiri limafa chifukwa wodwala waliyesa, lakanika, ndiye wazolowera kugwiritsa ntchito linalo, ndipo malo ake mu ubongo ayamba kuchepa. Edward Taub wa ku America anaonetsa kuti kukakamiza dzanja lofookalo kugwira ntchito maola angapo pa tsiku, labwinolo litaletsedwa, kumabweza luso mwa odwala amene zala zawo zikugwedezekako pang'ono, ngakhale patapita chaka. Kuchira kumathamanga kwambiri m'miyezi itatu yoyamba, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti miyezi imeneyi ndi imene mabanja ambiri amathera pofunafuna amene walodza m'bale wawo. Chimene chimabweretsa sitiroko kawirikawiri ndi BP yokwera, yomwe imayezedwa m'mphindi zochepa pa chipatala chilichonse. Mukaona munthu kamwa yapotoka, mkono walefuka kapena mawu akukokeka mwadzidzidzi, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Akatuluka, funsani za mafizo. Zipatala zikuluzikulu zili ndi madipatimenti ake, ndipo ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre. Kunyumba, musamuchitire chilichonse chifukwa cha chisoni. Ngati angathe kugwira supuni, mulekeni adye yekha ngakhale phala litayikire pa malaya, ndipo mawa mum'patsenso supuniyo.